Nsalu ya maluwa yosokera diresi la nthawi ya Victoria: mugule iti?

Mukasaka pa intaneti nsalu ya maluwa ya "Victorian", zambiri zimene zimabwera ndi ma rozi akuluakulu a pinki aja timawaona pa makatani ndi pa mipando, poti ogulitsa amangomata dzina la Victoria pa chilichonse chokhala ndi duwa. Koma Mfumukazi Victoria inalamulira Britain kuyambira 1837 mpaka 1901, zaka zoposa 63, ndiye diresi la masana la mu 1842 ndi la mu 1888 n'zosiyana kotheratu, kasokedwe kake ngakhalenso nsalu imene. Ndalemba izi poganizira atelala amene amaveka anthu a zisudzo ndi mafilimu, aphunzitsi amene akukonza sewero la amishoni aja anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, komanso abale athu a ku UK amene amapita ku zikondwerero zovala zamakedzana ngati cha mu tawuni ya Rochester. Nsalu ya diresi limodzi imadya ndalama zambiri, bola kudziwiratu musanadule.

ZOYENERA KUONA MUSANATULUTSE NDALAMA

Choyamba ndi chaka. Musanayang'ane nsalu iliyonse sankhani kaye zaka khumi zimene diresi lanu likuimira, chifukwa utoto ndi maluwa zinkasintha limodzi ndi makina. Pamene Victoria ankalowa ufumu, mafakitale a ku Lancashire kufupi ndi Manchester anali atazolowera kale kudinda nsalu ndi mipukutu ya kopa yogobedwa, njira imene Thomas Bell anailembetsa mu 1783. Mpukutu wa kopa si waukulu, ndiye chithunzi chimabwerezabwereza pafupipafupi, n'chifukwa chake nsalu zambiri za thonje za nthawi imeneyo zili ndi timaluwa ting'onoting'ono, timizere toyanga masamba, ndi timadontho todzaza kumbuyo kwa maluwawo. M'zaka za m'ma 1840 mpaka 1860 utoto waukulu unali wa muzu wa madder, umene umatulutsa bulawuni, kufiira ngati njerwa, pinki ndi pepo wozimilira, kuphatikizapo buluu wa indigo ndi Prussian blue. Mu 1856 William Perkin anatulukira mauveine, pepo woyamba wopangidwa ndi mankhwala, koma poyamba utoto woterewu unkagwira bwino pa silika ndi ubweya kusiyana ndi pa thonje, ndiye musathamangire pepo wowala pa diresi la thonje la mu 1858. Kumayambiriro kwa ma 1870 kunabwera fashoni ya Dolly Varden ya maluwa akuluakulu owala, apa m'pamene maluwa aakulu amaloledwa ndithu. M'ma 1880 ndi 1890 kunachuluka indigo ya timaluwa toyera, zotuwa ndi zakuda zija ankavala olira maliro, zofiira moderako, ndi nsalu zoyera za timaluwa tapatalipatali.

Chachiwiri, chimene kwa ine n'chachikulu kuposa zonse, ndi kulemera kwa nsalu ndi mmene imagwera. Siketi ya m'ma 1850 kapena 1860 imakhala ndi nsalu yozungulira mamita atatu ndi theka kapena anayi, ndipo yonseyo iyenera kulowa pa chiuno cha masentimita 70 kapena 80. Ankachita izi popinda m'mphepete mwa nsalu n'kusoka ndi manja mizere iwiri kapena itatu ya timasitichi tofanana, kenako n'kukoka ulusi kuti nsalu ipange timakwinya toima moyandikana, lililonse n'kulisokerera pa lamba palokha. Nsalu yokhuthala imakana zimenezi, chiuno chimatupa, diresi limaoneka lolemera. Mukafika pa shopu ifinyeni nsaluyo m'dzanja, muone ngati ikusonkhana pang'ono kapena ikudzaza dzanja lonse, kenako muikweze ku kuwala.

Chachitatu ndi kukula kwa duwa. Ngati duwa limodzi likuposa chikhatho chanu, nthawi zambiri imeneyo ndi nsalu ya makatani. Chachinayi, ikhale thonje lenileni. Poliyesita imanyezimira pa kamera, imatenthetsa thupi, ndipo kunalibe nthawi imeneyo. Chachisanu ndi kuchuluka kwake: pa nsalu yotambalala masentimita 110, diresi la m'ma 1850 kapena 1860 limafuna mamita 7 kapena 8, kuposapo ngati maluwa onse akuyang'ana mbali imodzi kapena ngati mukufuna siketi ya magawo osanjikana. Gulani yonse kamodzi pa mpukutu umodzi, chifukwa mpukutu wina wa pateni yomweyo umatha kusiyana mtundu pang'ono ndipo padzuwa zimaonekera.

Chinthu china chimene chimasokoneza ambiri: madiresi ambiri a maluwa a m'ma 1840 amene mumawaona m'zithunzi za m'mamyuziyamu si a thonje ayi, ndi a ubweya wopyapyala wodindidwa kapena ubweya wosakaniza ndi thonje, aja amati delaine ndi challis. Werengani kaye mawu olembedwa pansi pa chithunzi. Diresi la thonje linali la m'mawa, la pakhomo, la ntchito ndi la nyengo yotentha, pamene mayi wopeza bwino popita kukacheza kwa anzake ankavala silika kapena ubweya.

NSALU ZA QUILTING ZOTENGERA ZAMAKEDZANA

Izi ndi nsalu zopangira anthu osoka zofunda zolumikiza tizidutswa, makamaka ku America, ndipo makampani ngati Moda, Andover, Marcus ndi Windham amatulutsa mapateni otengedwa pa nsalu zakale zenizeni. Anthu ngati Barbara Brackman, amene ndi katswiri wa mbiri ya nsalu zimenezi, Judie Rothermel ndi Jo Morton ndi mayina amene mukawaona m'mphepete mwa nsalu mumadziwa kuti pateniyo sinangopekedwa. Palinso shopu ya Reproduction Fabrics ku America imene imasanja nsalu zake potsata zaka, zimene zimathandiza kwambiri munthu woyamba kumene.

Mtengo: ku America zimakhala cha m'ma dola 12 mpaka 15 pa yadi, ku UK zimakwererapo. Pa diresi lonse werengerani madola oposa 100 musanaphatikize kutumiza ndi msonkho wa pa kasitomu, ndipo mayadi 8 a nsalu imeneyi amalemera ndithu pa sikelo ya otumiza katundu.

Kapezekedwe: pa intaneti n'zambiri, koma pali msampha. Makampaniwa amadinda pateni kamodzi, ikatha yatha, sabwereza kawirikawiri. Komanso mashopu a quilting anazolowera kugulitsa tizidutswa, ndiye mutha kupeza kuti pa mpukutu patsala mayadi atatu okha, kapena akutumizirani nsalu yodulidwa pawiri. Alembereni kaye muwafunse ngati ali ndi mayadi 8 osadula. Ku Malawi ndi ku Zambia simungazipeze m'mashopu wamba, njira ndi kuoda kapena kutuma m'bale amene akubwera.

Kasamalidwe: apa ndiye palibe mavuto. Ichapeni kamodzi musanadule chifukwa imafupika pang'ono, utoto wake nthawi zambiri sutuluka, imalola simbi yotentha, ndipo imapirira kuchapidwa kambirimbiri.

Zovuta zake: ndi yokhuthala komanso youma kuposa kaliko wa madiresi akale. Pa diresi la ntchito la m'ma 1860 zimenezi sizivuta kwenikweni, koma pa diresi lopepuka la nyengo yotentha, lokhala ndi makwinya ambiri pachifuwa ngati a m'ma 1840 aja, imaima m'malo mogwa. Chinanso, mapateni ena amawadetsa dala kuti aoneke akale, kumbuyo kwa maluwa kumakhala ngati kwathiridwa tiyi. Anthu a quilting amakonda zimenezo, koma mayi wa mu 1860 ankagula nsalu yatsopano yowala bwino, ndiye ngati pali kusankha tengani yoyera bwino kumbuyo. Ndipo mawu akuti "Civil War" pa nsalu, amene amanena za nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya m'ma 1860, sakutanthauza kuti pateni iliyonse inali ya diresi, zina zinali za mipando, zina anazikulitsa kapena kuzisintha mtundu.

Ndionjezere kuti kuli nsalu zokongola kwambiri za chintz, thonje lodindidwa maluwa, zochokera ku Netherlands ndi ku Sweden, monga za Den Haan & Wagenmakers ndi Duran Textiles, koma zambiri mwa izo zimatengera zaka za m'ma 1700. N'zabwino zedi, kungoti ndi za nthawi ya agogo ake a Victoria.

LAWN NDI VOILE, KUPHATIKIZAPO LIBERTY

Lawn ndi thonje lopyapyala losalala, voile ndi lopyapyala kuposa pamenepo moti kuwala kumadutsa. Pa kagwedwe, izi ndi zimene zimayandikira kwambiri madiresi opepuka a nyengo yotentha a m'ma 1840 mpaka 1860.

Mtengo: Tana Lawn ya shopu ya Liberty ku London imapitirira mapaundi 25 pa mita, ngakhale ndi yotambalala pafupifupi masentimita 136 ndiye mumagula mamita ocheperako. Lawn wopanda dzina amatsika mtengo kwambiri.

Kapezekedwe: ya Liberty imapezeka chaka chonse ndipo mapateni ena otchuka satha, zimene n'zothandiza mukapereweredwa. Lawn wamba amapezeka m'mashopu a nsalu ku Johannesburg, Durban, ngakhale mwamwayi ku Limbe ndi ku Lilongwe, koma muyenera kufunsitsa ngati ndi thonje lokhalokha.

Kasamalidwe: madzi ozizira, sopo wofatsa, kuyanika pamthunzi. Imauma msanga. Imafuna laining'i ya thonje loyera kumtunda, ndi pitikoti yabwino mkati, apo ayi mawaya a crinoline, chimango chovala mkati chotambasula siketi, amaonekera kunja ngati mizere.

Zovuta zake: vuto lalikulu ndi maluwa. Shopu ya Liberty inatsegulidwa mu 1875, ndipo timaluwa tambiri totchuka ta Tana Lawn ndi ta m'ma 1930 kupita kutsogolo, tothithikana komanso ta mitundu yambiri yowala. Munthu wodziwa akangoona amazindikira. Mapateni a William Morris nawonso amakopa, monga Strawberry Thief wa mu 1883, n'zoona ndi a nthawi ya Victoria, koma anapangidwira makatani ndi mipando. Pa lawn funani kumbuyo koyera kapena kofatsa, timaluwa tapatalipatali ta mitundu iwiri kapena itatu, kapena timizere. Ndipo chonde samalani moto. Nsalu yopyapyala itatambasuka pa crinoline imayaka mofulumira kwambiri poti mpweya umalowa pansi, ndipo amayi ambiri anafa motero nthawi imeneyo. Fanny Longfellow, mkazi wa mlakatuli wina wotchuka wa ku America, anamwalira mu 1861 diresi lake litagwira moto m'nyumba. Ngati pa sewero lanu pali makandulo kapena nyali ya parafini, ikhale patali ndi wovala diresi lotere.

NSALU ZA KU INDIA ZODINDA NDI MATABWA

Ku Sanganer ndi ku Bagru kufupi ndi Jaipur amadindabe nsalu pamanja ndi timatabwa togoba, mtundu uliwonse thabwa lake. Amwenye ndi amene anaphunzitsa Ulaya kukonda thonje la maluwa, dzina loti kaliko limene linachokera ku mzinda wa Calicut, ndipo kudinda ndi matabwa kunapitirirabe ku Britain ngakhale makina atabwera.

Mtengo: yotsika, nthawi zambiri theka la mtengo wa nsalu za quilting kapena kucheperapo, ndipo poti ndi yopepuka kutumiza sikupweteka kwambiri.

Kapezekedwe: ogulitsa pa Etsy ndi malo ena a pa intaneti ndi ambiri, ndipo savuta kukudulirani mayadi 10 osadukiza. Chovuta ndi kusefa, chifukwa mwa mapateni 50 mwina awiri kapena atatu okha ndi amene angadutse ngati a m'ma 1830 kapena 1840. Funani kakamtengo kamodzi ka duwa kobwerezedwa mwadongosolo, kapena mizere yoyanga, ya mitundu ya madder ndi indigo. Njovu, mbalame za pikoko ndi pinki wowala zisiyeni.

Kasamalidwe: iyi ndiye imafuna chidwi. Ichapeni payokha m'madzi ozizira kawiri kapena katatu mpaka madzi ayere musanadule, musaisiye itanyikidwa usiku wonse, musathire jiki, yanikani mkati kunja pamthunzi. Imafupika kuposa zinazo, ndiye onjezerani mita imodzi pa oda yanu.

Zovuta zake: utoto umatha kuchucha, makamaka wofiira ndi indigo, n'kudetsa kolala yoyera. Njira yake ndi ija ankachita eni ake kalelo, kolala ndi timikono toyera ta mkati ankangozigwiriziza ndi masitichi akuluakulu, pochapa n'kuzimasula kuti zichapidwe pazokha. Kudinda kwa pamanja kumasiya timadontho ndi malo amene thabwa linaphonya pang'ono, ine zimenezo sindiziwerengera ngati vuto poti nsalu zakale zilinso nazo, koma nthawi zina pateni imapendekera poyerekeza ndi ulusi wa nsalu, ndipo pa siketi ya mizere zimaonekera kumpendero. Mtundu wa pa chithunzi cha foni nawo usamakhulupiriridwe kwambiri, pemphani chithunzi chojambulidwa panja masana pali rula pambali kuti muone kukula kwa duwa.

KUDINDITSA PATENI YANU

Makampani ngati Spoonflower ku America ndi Contrado ku London amadinda chithunzi chilichonse pa nsalu imene mwasankha. Metropolitan Museum ku New York inatsegula zithunzi zake zambiri mu 2017 kuti aliyense azigwiritsa ntchito mwaulere, ndipo myuziyamu ya V&A ku London ili ndi zithunzi zambiri za madiresi ndi nsalu zoti muphunzirepo, ngakhale malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake muyenera kuwawerenga kaye.

Mtengo: wokwera, kuyambira cha m'ma dola 20 pa yadi kupita m'mwamba, ndipo ngati simudziwa kukonza pateni pa kompyuta kuti izilumikizana bwino mulipiranso wina.

Kapezekedwe: iyi yokha ndi imene siitha. Mutha kuodanso chaka chamawa, ngakhale mtundu utha kusiyana pang'ono. Muyenera kudikira kuti adinde, kuphatikizapo nthawi ya sampulo.

Kasamalidwe: mofatsa. Madzi ozizira, osapikicha mwamphamvu, kusita kumbuyo.

Zovuta zake: tembenuzani nsaluyo muone kuseri. Pa nsalu yonyikidwa mu utoto mtundu umalowa mu ulusi, koma apa nthawi zambiri inki imakhala pamwamba pokha, kuseri kuli mbee. Zotsatira zake n'zakuti mitundu yakuda ngati bulawuni wakuda ndi buluu wakuda imayera m'mapindo ndi m'misoko ikachapidwa kangapo, ndipo pamene singano yadutsa pamatha kuoneka kadontho koyera. Pateni ya kumbuyo koyera ndi timaluwa tochepa imatuluka bwino kwambiri kuposa ya kumbuyo kwakuda. Musaode mayadi 8 musanaone kasampulo kakang'ono, mukachape, mukapinde, mukasite. Komanso mapateni ambiri olembedwa "Victorian" pa malo amenewa anajambulidwa ndi anthu amakono mongoyerekeza.

SHWESHWE

Iyi ambiri saiganizira, koma ili pafupi nafe ndipo mbiri yake ndi ya nthawi yomweyo. Nsalu ya indigo yodindidwa timaluwa toyera inafala kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amishoni ndi Majeremani amene anakhazikika ku Eastern Cape m'ma 1850, ndipo dzina lake ambiri amaligwirizanitsa ndi Mfumu Moshoeshoe ya ku Lesotho. Ya Three Cats inkapangidwa ku Manchester, pano imapangidwa ndi Da Gama Textiles ku Eastern Cape, ndipo amadindabe ndi mipukutu ya kopa: nsalu imanyikidwa yonse mu utoto kenako mankhwala amachotsa utotowo pamene pali pateni. Imeneyi ndi njira yeniyeni ya zaka za m'ma 1800, osati yongoyerekeza.

Mtengo: wofikirika poyerekeza ndi zochokera kutsidya kwa nyanja, makamaka poti palibe za ndege. Koma ndi yopapatiza, masentimita 90 okha, ndiye pamene ena akugula mamita 7 inu mugula 9 kapena 10. Kupapatizako sikulakwika, nsalu zakale zinalinso zopapatiza ndipo masiketi ankakhala ndi misoko yambiri.

Kapezekedwe: ku South Africa, Lesotho ndi Botswana ili paliponse, ndipo amalonda opita ku Joni amatha kukubweretserani. Yeniyeni imakhala ndi chidindo cha amphaka atatu kuseri, imakhala youma gwa ndi sitachi, ndiponso ili ndi fungo lakelake. Zotengera zilipo zambiri, zimakhala zotambalala komanso zofewa kale.

Kasamalidwe: ichapeni kaye kuti sitachi ichoke, ikatero imafewa bwino kwambiri ndipo imafupika, ndiye musadule isanalowe m'madzi. Indigo amatuluka pa kuchapa koyamba ndipo amatha kupaka pa pitikoti yoyera. Ikakhazikika ndi nsalu yolimba ya zaka.

Zovuta zake: mitundu yoyenera ndi itatu basi, buluu wa indigo amene ndiye wakale kwambiri, bulawuni ndi yofiira, za orenji, zobiriwira ndi pinki wowala ndi zamakono. Sankhani timaluwa ndi timadontho ting'onoting'ono, pewani zozungulira zikuluzikulu ndi zija zodindidwa kale magawo a siketi. Imayenera diresi la ntchito, la wantchito wa m'nyumba, la mkazi wa mmishoni kumudzi kapena la m'ma 1880 ndi 1890, siyenera diresi la mayi wolemera wa ku London. Ndipo ganizirani oonera: kwa anthu a kuno kummwera shweshwe imawakumbutsa mkwatibwi wa Chisotho, Chitswana kapena Chixhosa, ndiye kasokedwe, kolala ndi chipewa ziyenera kunena momveka kuti ndi nthawi iti.

Za chitenje ndingonena mwachidule poti funso limabwera ndithu. Ngakhale dzina la David Whitehead la fakitale ya ku Blantyre lija linachokera ku Lancashire komweko kumene kunkadindidwa nsalu za madiresi amenewa, mapateni a chitenje ndi aakulu komanso owala kwambiri, sangadutse ngati kaliko wa mu 1860.

KAUNJIKA: MASHITI A PABEDI NDI ZOVUNDIKIRA MADUVETI

Mtengo: palibe chotsika kuposa apa. Chovundikira duveti chachikulu mukachisula chimakupatsani nsalu ziwiri zoposa mamita awiri mbali zonse, zokwanira siketi yonse ndipo nthawi zina ndi mikono yomwe.

Kapezekedwe: mwayi basi. Simungapite ku Tsoka kapena ku Limbe n'kunena kuti lero ndikabwera ndi ya mu 1855. Zimafuna kupitapita pamene akutsegula mabelo, ndi kukhala ndi zithunzi za nsalu zenizeni pa foni kuti muziyerekeza pomwepo. Za Laura Ashley za m'ma 1970 ndi 1980 zikapezeka muzione bwino, kampaniyi inkatengera timaluwa take ku nsalu zakale ndipo zina zimakhala pafupi ndithu.

Kasamalidwe: zinachapidwa kale kambirimbiri ndiye sizifupikanso, sizitulutsanso utoto. Chapani ndi madzi otentha kamodzi, muthire sitachi pang'ono posita kuti nsalu ibwerere mphamvu.

Zovuta zake: zambiri ndi zosakaniza ndi poliyesita ngakhale zikumveka ngati thonje m'manja. Ngati lebulo inadulidwa, sololani timaulusi kumpendero muyatse ndi machesi poteteza bwino: thonje limanunkha ngati pepala lopserera n'kusiya phulusa lofewa, poliyesita imasungunuka n'kuuma kamkanda kolimba. Kwezani nsaluyo kudzuwa muone pakati, poti m'pamene imaperepeseka msanga, ndipo ngati pakati pasuluka kuposa m'mbali siketi idzakhala ya mitundu iwiri. Choopsa china n'choti ikaperewera palibe kokagula ina, ndiye yalani mapepala a pateni onse pansalupo musanalowetse sizasi.

NDIYE MUTENGE ITI

Ngati mukupita ku chikondwerero kapena mukagwira ntchito modzipereka pa myuziyamu ku UK kapena ku America, kumene anthu amadziwa nsalu ndipo adzaima pafupi nanu, tengani ya quilting ya wopanga wodziwika yolembedwa zaka zake, musankhe yopepuka mwa zimene zilipo, musokere diresi la pakhomo la m'ma 1850 kapena 1860. Mwa zonsezi imeneyi ndi imene singakugwetseni mphwayi kwambiri pa pateni.

Ngati mtima wanu uli pa diresi lopepuka la makwinya ambiri la m'ma 1840, ine ndingasankhe ya ku India yosankhidwa mosamala kusiyana ndi ya quilting, ngakhale pateni itakhala yongoyandikira, chifukwa diresi limeneli kukongola kwake kuli pa mmene nsalu ikugwera. Lawn wa timaluwa tapatalipatali amagwiranso ntchito yomweyo ngati thumba likulola, ndipo Liberty ndingaisungire diresi la kumapeto kwa ma 1880 ndi 1890.

Kudinditsa pateni yanu kumayenera munthu amene akufuna kubwereza diresi limodzi lenileni la mu myuziyamu, kapena a filimu amene akufuna madiresi awiri atatu ofanana ndendende a munthu mmodzi, ndipo pateniyo ikhale ya kumbuyo koyera.

Kwa telala wa ku Lilongwe, Blantyre kapena Chipata amene wapatsidwa oda ya sewero la amishoni, shweshwe ya buluu kapena bulawuni ya timaluwa ting'onoting'ono ndi yanzeru kuposa kudikira phukusi la ku America, ndipo imapirira thukuta ndi kuchapa kwa masewero ambiri. Pa sewero la kusukulu la ana khumi kapena kuposa, lowani pa kaunjika nthawi ikadalipo, mufune thonje la mitundu yofatsa, ndalama yotsalayo muike pa mapitikoti awiri a munthu aliyense ndi makolala oyera, chifukwa oonera ali pa mabenchi akumbuyo saona duwa lililonse palokha koma amaona kutambalala kwa siketi. Ndipo ngati aka n'koyamba kusoka diresi lotere, yambani mwayesa gawo lakumtunda pa shiti yakale mpaka likhale bwino pathupi wovalayo atavala koseti yake, kenako muyambe kudula nsalu munagula ija.